Denga Lodya Ndalama

Mu mzinda wa Tete mwezi wa Okutobala palibe amene amaulonjera. Dzuwa likangosuzumira kuchokera cha ku Moatize, pofika 9 koloko mchenga umakhala utayamba kale kuwotcha mapazi, ndipo masana kutentha kukadutsa madigiri 40 palibe amene amadabwa. Mbuzi zimabisala kunsi kwa magalimoto oima. Ogulitsa madzi ozizira pafupi ndi mlatho ndiwo amakhala mafumu. Usiku mabanja amatulutsa mphasa pabwalo nagona pamtetete pamodzi ndi udzudzu, pakuti m'nyumba mumakhala ngati mu uvuni atangophula buledi.

Kutsidya kwa Zambezi, ku bairo la Matundo, kuli bambo wina amene anthu anangozolowera kuwatchula kuti a Motorista, mwakuti ana ambiri sadziwa n'komwe dzina lawo lenileni. Iwowa sanafune kuti banja lawo lizigona panja ngati ena. Anayesa kugula kuzizira ndi ndalama, ndipo kwa zaka zingapo zinkaoneka ngati apambana.

A Motorista si mwana wa m'chigwa. Kwawo ndi ku Angónia, cha ku Dómuè, kumene chimanga ndi mbatata ya kachewere zimachita kusefukira. Nkhondo itafika kumeneko anathawira ku Dedza ali kamwana kogwira chitenje cha amayi awo, nabwerako mu 1993, mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992. Anapeza mudzi utasanduka tchire. Nyumba imene anakuliramo inali ya mitengo yomata ndi dothi, yofolera ndi udzu, ndipo udzuwo ndi iwo amene ankamweta ndi kusenza chaka ndi chaka. Mvula ikagwa usiku ankadzuka kusuntha mphasa kuthawa podontha. Choncho analumbira ali mnyamata kuti tsiku limene adzagwire ndalama sadzagonanso pansi pa udzu. Amene anakulira m'nyumba yodontha sangawaseke pa lumbiro limeneli.

Ndalama zinabweradi. Malasha a ku Moatize atayamba kutuluka ochuluka mu 2011, ntchito zoyendetsa magalimoto zinachuluka, ndipo iwo anapeza yawo. Anagula malo ku Matundo namanga nyumba ya mabuloko a simenti, zipinda zitatu ndi pabalaza, malata atsopano owala ngati kalilole, ndi mawindo aakulu a galasi oyang'ana kumsewu, kumene kunali kumadzulo. Siling'i anati adzaika m'tsogolo, koma m'tsogolomo simunafike. Okutobala woyamba atawaphika, anakagula makina oziziritsa mpweya, aja a ar condicionado, nawapachika kuchipinda kwawo. Tsiku limenelo anansi anabwera kudzaima pakhomo kuti amve kamphepo. Chaka chotsatira anapita kumudzi kukamangira amayi awo nyumba yofanana nayo, yocheperako, ya zipinda ziwiri, kuti mudzi wonse uone kuti mayiwo anabala mwana.

Pamene malipiro ankabwera mwezi ndi mwezi, palibe amene ankayang'ana manambala a pa kontadolo, ija ena amati mita. Credelec ikatha ankangotola foni, kugula ina, kutayipa manambala 20 aja, basi. Koma kontrato ya ntchito inatha ndipo sinawonjezedwe. Lero a Motorista amayendetsa chapa ya munthu wina pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo ndalama ya tsiku imadalira m'mene anthu akwerera. Chimene chikugwiriziza banja ndi geni ya akazi awo, amene amaumitsa madzi a malambe m'timapepala ta pulasitiki nagulitsa kwa ana a sukulu. Chuma chonse cha geniyo chimagona mu filiji imodzi yakale, yaikulu yogona ija.

Zaka ziwiri zapitazo, usiku wina wa Okutobala, kontadolo inayamba kulira cha m'ma 11, ndipo pofika 1 koloko nyumba yonse inali zii, mdima bii. Mu foni munalibe kanthu. Magetsi a meticais 500 anali atagulidwa Lolemba, ndipo ili linali Lachisanu. Anabwerera madzulo a tsiku lotsatira a Motorista ataweruka, koma malambe amene anaikidwa dzulo lake anali asanaume, ndipo onse anasasa. Mayi anawataya kudzala osalankhula. Analankhula ana atagona.

"Bambo, tandiuzeni. Kodi pakhomo pano tikulera ana, kapena tikulera chimakina chili pakhomachi?"

"Mayi, kontadoloyi ikuba," anayankha a Motorista. "Magetsi akupangidwa pa Songo pompa, nanga tiziwagula ngati akuchokera ku Ulaya?"

Mau amenewa amamveka m'chapa iliyonse. Ndi zoona kuti damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechino, kuti khoma lake linatha mu 1974, kuti mphamvu yake ndi mamegawati 2,075, ndiponso kuti kuyambira mu 2007 gawo lalikulu la umwini wake lili m'manja mwa Moçambique. Ndi zoonanso kuti magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa. Koma imeneyo ndi nkhani ya atsogoleri, ndipo kontadolo ya pakhomo siidziwa. Iyo imangowerenga zimene zadutsa mu waya.

Mzere wa kuseri kwa nyumba yawo kumakhala mkulu wina amene anapuma pa ntchito ya zamagetsi. Anthu amati a Mestre. Ndi amene anaitanidwa kudzagwira mbala ya m'kontadolo. Mkuluyo sanatsegule kanthu. Anangoti zonse zizimitsidwe, kenako analoza kagetsi kofiira kamene kamaphethira pa kontadolo. Kanali kataleka.

"Mwaona, mwana wanga? Mbala ikadakhalamo bwenzi kakuphethirabe. Tsono yatsani chimodzichimodzi."

Mababu atayaka, kagetsiko kanaphethira mwaulesi. Filiji italira kanafulumirako. Makina a kuchipinda atayatsidwa kanayamba kuphethira ngati diso lolowa chitsotso.

Masamu ake a Mestre anawalemba pansi ndi kamtengo, ndipo ndi masamu amene mwana wa pulayimale angawatsate. Yuniti imodzi, imene pa risiti amalemba kuti kWh, ndi mawati 1,000 atagwira ntchito kwa ola limodzi. Makina oziziritsa a chipinda chimodzi amakoka mawati pafupifupi 1,000, ndiye kuti akalira maola 10 osapuma adya mayuniti 10. Fani, imene ena amati ventoinha, imakoka mawati ngati 50, ndipo kuti imalize yuniti imodzi iyenera kuzungulira maola 20. Babu lakale la mawati 60 kuwala kwake n'kofanana ndi kwa babu la LED la mawati 9, ndipo mphamvu yotsalayo limangoisandutsa kutentha, m'nyumba yotentha kale. Makina aja anapangidwa kuti chipinda chikazizira azipumira. Koma a Motorista ankawaika pa 16, poganiza kuti nambala yaing'ono imaziziritsa msanga. Siitero ayi. Imangowauza makinawo kuti asaleke mpaka chipinda chitafika pa 16, chinthu chimene m'nyumba imeneyo sichikanachitika ngakhale atalira mpaka Khirisimasi. Komanso makoma a m'kati sankafika kudenga, kotero kuti makina a chipinda chimodzi ankalimbana ndi mpweya wa nyumba yonse.

A Mestre anabweranso Lamulungu cha m'ma 2 koloko masana. Anaika mpando pakati pa balaza nauza a Motorista kuti akwere ndi kukweza dzanja kufupi ndi malata. Dzanja linabwerera lokha.

"Mbala yanu ndi imeneyo," anatero mkuluyo.

Lata likakhala pa dzuwa la ku Tete limatentha kupitirira madigiri 60, ndipo popanda chotchinga kutenthako kumatsikira pansi ngati mbaula yopachikidwa pamutu. Usiku latalo limazizira msanga, koma ntchito yake limakhala litagwira kale: mabuloko ndi simenti ya pansi zamwa kutenthako tsiku lonse, ndipo dzuwa likalowa zimayamba kukubweza pang'onopang'ono mpaka tambala woyamba. N'chifukwa chake munthu amapeza kuti panja pazizira koma m'nyumba mukadali ng'anjo. Mawindo aakulu a kumadzulo aja, amene anali ulemerero wa nyumbayo, ankalowetsa dzuwa la masana lonse ndi kulitsekera momwemo. A Mestre anati kulipirira makina m'nyumba yotero kuli ngati kulemba munthu ganyu yokapa madzi m'bwato lobooka. Mankhwala ake ndi kutseka pobooka: siling'i, mthunzi kumadzulo, ndi denga loyera. Ndipo poona kuti ndalama ya matabwa panalibe, anati mphasa za bango zikwanira.

Apa m'pamene a Motorista anadzuka nasasa fumbi.

"A Mestre, ndinathawa udzu kumudzi. Ndiye ndiulowetsenso m'nyumba ya simenti? Anthu adzati chiyani?"

Zing'onozing'ono anavomera. Mababu anasintha. Makina anawakweza pa 26, natsuka kasefa kake kamene kanali katatsekeka ndi fumbi la zaka. Filiji anaiyesa potsekera kapepala pa chitseko: kanasololoka popanda kukoka, kusonyeza kuti labala yatha ndipo kuzizira kukuthawa. Anagula labala ina, naichotsa filijiyo pa khoma la kumadzulo pamene inkaotha dzuwa, naisiyira mpata kumbuyo kuti izipuma. Zinathandizako ndithu. Koma za mphasa anakana, ndipo anakana miyezi isanu ndi itatu.

Chimene chinawasuntha sichinachitikire ku Tete konse. Chinachitikira kumudzi, ndipo sikunali kutentha koma kuzizira.

Ulónguè ili pa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja, pamene Tete safika ndi pa 200 pomwe. Mu Juni ndi Julaye usiku wa ku Angónia umatsika pansi pa madigiri 10, ndipo m'madambo chisanu chimatha kuwaula masamba a mbewu za m'dimba. Lata silisankha. Monga limalowetsera dzuwa masana, usiku limataya kufunda konse kumwamba, ndipo m'mamawa limachita thukuta n'kumadonthezera pa bulangete. Amayi a a Motorista ankagona m'nyumba yatsopano ija polemekeza mwana wawo, pamodzi ndi kamdzukulu kakakazi kobadwa kwa mlongo wawo wa a Motoristawo. Usiku wina wa Julaye kuzizira kutanyanya, gogoyo anatseka mawindo, natsekanso mipata ya pansi pa malata ndi matumba akale, nalowetsa mbaula ya makala kuchipinda.

Kutacha, mwana wawo wamkazi anadabwa kuona nkhuku zikulira m'khola dzuwa litakwera, chitseko chili chitsekere. Atachikankha anapeza gogo akubuula ndi mutu, atasanza, ndipo kamwanako sikankatha kuima. Anawakokera panja pa mphepo, nathamangira nawo ku chipatala pa njinga yamoto. Onse awiri anapulumuka. M'mudzi mau anayamba kale kuyenda akuti nyumba ya malata yachititsa nsanje ndipo wina waponya zake. Namwino ndiye anadula nkhaniyo. Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya woipa umene ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo suyabwa m'maso ngati utsi. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi kuposa mpweya wabwino maulendo opitirira 200. Munthu amayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo ngati ali m'tulo sadzuka n'komwe kuti adziwe. Mbaula siyenera kugona m'nyumba, kaya ya malata kaya ya udzu, ngakhale makala ataoneka ngati azilala.

A Motorista anafika tsiku lachiwiri. Amayi awo sanawadzudzule.

"Atate, nyumba yanu ndi yokongola, mudzi wonse ukuyamika. Koma masana imandiwotcha, usiku imandizizira. Mundilole ndibwerere m'khitchini mwanga."

Khitchiniyo inali kanyumba ka dothi ndi udzu, kofanana ndi kamene iwo analumbirira kusadzagonamonso. Usiku umenewo anagona momwemo, pakuti gogo anakana kuti wina aliyense alowe m'nyumba ya malata, ndipo anagona tulo osafuna moto. Udzu wofoleredwa bwino ndi wochindikala, ndipo pakati pa mapesi ake pamakhala mpweya wosayenda. Mpweya wosayendawo ndi umene umatchinga, monga m'mene umachitira m'bulangete: kutentha sikudutsa msanga, kaya kukuchokera kunja kaya kukufuna kuthawa m'kati. Pobwerera, chapa itatsika kufika pa Mussacama, a Motorista anavula jekete monga amachitira aliyense pamenepo. Akuti m'pamene zinawalowa m'mutu kuti anamanga nyumba imodzimodzi m'maiko awiri osiyana, kwina kotentha kwina kozizira, ndipo konseko inalephera pa chifukwa chimodzi.

Ntchito inayamba mu Ogasiti, dzuwa lisanakwiye. Mutu umodzi susenza denga, tsono anabwera alamu awo awiri ndi a Mestre. Mphasa za bango anagula kwa oluka a m'mbali mwa mtsinje, naziyala pa nsungwi zopingasa, ziwiriziwiri, kusiya mpata waukulu pakati pa mphasa ndi malata. A Mestre anakana kuti ntchito ipitirire mawaya onse asanalowe m'mapaipi, pakuti bango louma ndi waya wosenda ndi ukwati wa moto. Pa nsonga za makoma awiri a m'mbali anabooola timipata natchinga ndi sefa, kuti mpweya wotentha wa pamwamba pa siling'i uzituluka koma mileme isalowe. Denga analipaka njereza, popeza choyera chimabweza dzuwa pamene lata lakuda ndi dzimbiri limalimeza. Njerezayo mvula yoyamba inaikokolola theka, ndipo chaka chotsatira anachita kusonkha ndalama ya penti yeniyeni ya padenga. Kumadzulo anaimika kakhonde ka mphasa kotchinga mawindo cha kunja, chifukwa katani ya m'kati imatchinga dzuwa litalowa kale. Anabzalanso nimu ndi msau, ngakhale mitengoyo mthunzi wake weniweni adzaudyerera ndi ana.

Chovuta kwambiri chinali kusintha chizolowezi. Anthu ambiri kukatentha amatsegula mawindo masana, osadziwa kuti akuitana mpweya wa madigiri 40. Tsopano nyumbayo imatsekedwa m'mawa kukadali kozizira, ndipo imatsegulidwa mbali zonse ziwiri dzuwa likalowa kuti mphepo idutse, aliyense ali m'neti mwake. Fani imayaka pokhapokha pali munthu, pakuti fani siiziziritsa chipinda, imaziziritsa khungu. Masiku ouma a Okutobala mayi amanyowetsa chitenje nachipachika patsogolo pa fani, ndipo madzi akamauma amatenga kutentha, monga m'mene mtsuko wa dothi umaziziritsira madzi akumwa.

Asaname munthu kuti Matundo yasanduka Dómuè. Novembala akadali Novembala, ndipo usiku wina makina aja amayakabe ola limodzi kapena awiri asanagone, chitseko chitatsekedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amamveka akupumira. Makoswe anapeza msewu watsopano pamwamba pa mphasa mpaka banja linaweta mphaka. Chiswe chiyenera kuyang'aniridwa. Fumbi la ku Tete limadetsa denga loyera, ndipo limafuna kutsukidwa. Anansi anaseka ndithu monga a Motorista ankaopera, nati nyumbayo kunja ndi ya bwana koma m'kati ndi ya agogo. Ena mwa osekawo akhala akubwera masana kudzakhala pabalazapo nthawi yaitali kuposa m'mene nkhani yawo ikufunira, ndipo awiri afunsa kale mtengo wa mphasa. Amene ali pa lendi, ndipo mu Tete ndi ambiri, alibe ufulu wopaka denga la mwini, koma mphasa yomangirira ndi waya amatha kuimasula posamuka, ndipo babu ndi fani zimalowa m'chikwama.

Mwana wamkulu wa a Motorista, mtsikana wa ku sekondale, ndiye anapatsidwa udindo wa kontadolo. M'mawa uliwonse asanapite ku sukulu amalemba nambala yotsala kumapeto kwa kope lake la masamu. Malinga ndi kopelo, magetsi a meticais 500 amene ankatha masiku anayi tsopano amadutsa masiku khumi, ngakhale mu Okutobala. Malambe sanasasenso.

Mwezi wa Meyi chaka chino, chisanu chisanafike, a Motorista anakweza mitolo ya mphasa pamwamba pa chapa ya ku Ulónguè. Kumudzi ntchito inali yomweyo koma motembenuza. Siling'i ya kumeneko ndi yosunga kufunda kuti kusathawire ku malata. Mpata wa pansi pa chitseko anautseka, koma anasiya timabowo ta mpweya pamwamba nalamula kuti wina asadzatikenso matumba. Windo la kumpoto anati lizitsegulidwa katani masana, pakuti mu Juni ndi Julaye dzuwa limadutsira kumpoto, ndipo lizitsekedwa dzuwa likapendeka. M'malo mwa mbaula anaonetsa mlongo wawo kutenthetsa njerwa pa moto wa kukhitchini, kuikulunga m'chitenje ndi kuiika kumapazi kwa gogo.

Amayi awo anaonerera ntchito yonse atakhala pa mtondo, osanena kanthu. Itatha analowa, nayang'ana kumwamba nthawi yaitali, nagogoda mphasa ndi ndodo yawo.

"Ndiye mwayenda mtunda wonsewu, atate, mwalipira chapa, kudzandiikira udzu kunsi kwa malata?"

"Eya, amayi."

"Chabwino. Ndiyesa kugonamo. Koma mbatata zanga muzisiye m'chipinda chinacho, zinazolowera."